Chala, Mayi

Ana anga, nkhani ya kawindo ka mu ofesi ya ku Golomoti mumaidziwa mbali imodzi. Mukandifunsa chifukwa chimene ndinakagumulira, ndinkati mu ofesimo munkatentha, inu n'kuseka, poti kutentha kwa ku Golomoti palibe angakutsutse. Ngakhale mayi anu anatisiya akudziwa zomwezo. Lero ndilemba zenizeni, zimene sindinauzepo munthu, chifukwa maso ayamba kuchita nkhungu ndipo sindifuna kuti nkhaniyi ikalowe nane m'manda.

1995, Mtakataka

Za ubwana wanga sindichulutsa. Chimodzi chokha mudziwe, chifukwa popanda icho zotsatirazi simungazimve. Ndinayamba sukulu ndili mnyamata wamkulu, mawu atayamba kale kukula. Kuti ine ndilowe, azakhali anu a Agata, achemwali anga, anatuluka. Anali mu Sitandade 5 ku Mua ndipo ankakhala nambala wani. Bambo anati awiri sangathe, ine ndinalira mpaka akuluakulu anagamula kuti aphunzire ndi mwamuna. Amene anandigwira dzanja kundionetsa kagwiridwe ka pensulo anali a Agata omwewo, pensulo yakenso inali yawo. Sanandinenepo mawu oipa. Kukhala chete kwawoko ndiwo katundu amene ndayenda naye moyo wanga wonse.

Ndinalekezera Fomu 2, n'kumangoyendayenda m'maganyu. Ntchito yeniyeni ndinaipeza anthu akadali oledzera ndi ufulu wa zipani zambiri, pa depo ya kampani ina yogula ndi kugulitsa mbewu, kufupi ndi njanji ku Mtakataka. Ndinali woyang'anira sikelo. Bwana wathu anali a Kamwendo, munthu amene ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, abuluzi atathawira pansi pa miyala. Ankati, "A Phiri, munthu wa mu ofesi thukuta limatulukira m'kati." Iwowo ndi amene anandikankhira ku sukulu yamadzulo. Ndinakhala pa benchi imodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga woyamba, ankanditcha Ahedi, ndipo mphunzitsi akandifunsa funso kalasi yonse inkakhala zii kudikira kuti Ahedi agwe. Ndinagwa kambiri. Koma mayeso a Fomu 4 ndinakhoza, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu.

2002, chaka cha njala

Amene munalipo mukukumbukira. Anthu ankagona pa depo kudikira chimanga chimene sitinkadziwa ngati chibwera. Tsiku lina lole inafika, mbiri inathamanga kuposa loleyo, ndipo tisanatsitse n'komwe matumba chitseko chinathyoka. Ine anandipanikizira kukhoma pamodzi ndi sikelo yanga. Ndinkaona pakamwa pa anthu pakuyenda koma sindinkamva mawu. Mayi wina wa mwana kumsana anagwa pakhomo, anthu n'kumuponda, mkono unathyoka. Mwanayo anapulumuka, Mulungu yekha ndiye akudziwa mmene zinakhalira. Kwa miyezi yambiri ndikamva phokoso la anthu ambiri, ngakhale la pa ukwati, maso anga ankathamangira ku chitseko.

Titakonza chitsekocho a Kamwendo anandiitana. Tayi inali ili pakhosi. Anati, "A Phiri, mwaona? Chitseko n'cha kunyumba. Pamene pali chakudya pamafunika windo. Munthu alowetse dzanja, mutu utsale panja." Mawu amenewo ndinawasunga ngati a m'Baibulo.

2005, Golomoti

Alimi a mpunga a m'dambo atapanga bungwe lawo loti azigulitsira pamodzi ndi kukhala ndi chigayo chawochawo, ankafuna manijala wodziwa sikelo ndi mabuku. Anatenga ine. Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndisanagule ngakhale mpando, ndinaitana mmisiri. Anatseka khomo loyang'ana kubwalo n'kusiya kawindo kakang'ono ka zitsulo, kotsika, koti padutse pepala ndi dzanja basi. Mlimi ankayezetsa mpunga panja, n'kubwera pa kawindo kudzatsimikiza kuti wapereka. Ndinalamula kuti aliyense azidinda chala. Ndinkati n'kofulumira, komanso amene sadziwa kulemba asachite manyazi. Ine ndinkakhala chammbali, mutu uli pa mapepala, dzanja likalowa n'kuligwira chala chachikulu, pa inki, pa pepala. "Chala, mayi. Chala, bambo. Wotsatira." Ndinkanyadira kuti pa ofesi yanga sipanakhalepo chipwirikiti.

Mavuto analipo a nthawi zonse. Chaka china matumba anasowa, tinkasoka akale mpaka ankaoneka ngati malaya a wamisala. Magetsi ankazima chigayo chili pakati pa ntchito. M'zaka zimene mafuta anasowa m'dziko muno mpunga unakhala m'nyumba yosungiramo mpaka fungo lake la kilombero linatha, makoswe okha ndiwo ananenepa. M'kati mwa zonsezi ndinkawerenga dipuloma ya zowerengera chuma kudzera pa positi, ndipo nditaipeza ndinaipachika pakhoma pamene alimi sakanaiona, poti m'katimo sankalowa. Chimene chinkandidya n'chakuti chaka ndi chaka alimi obweretsa mpunga ankachepa, makamaka amayi. Ankagulitsa kwa mavenda a panjinga, pa mtengo wotsika kuposa wathu. Ine ndinkati n'kusaphunzira.

2015, Felista

Felista, mwana wotsiriza wa a Agata, anatenga mutu wa mayi ake. Ndinamuthandiza sukulu mmene ndikanathera, ndipo musaganize kuti unali ubwino wokha. Munthu akamalipira ngongole imene sakuitchula amaoneka wopatsa. Anapeza digiri ya zowerengera chuma n'kuyamba ntchito ku Lilongwe. Pa Khirisimasi anabwera kudzandiona, n'kundiuza kuti akufuna digiri yachiwiri, ya kayendetsedwe ka bizinesi, imene amati masitazi.

Ndinati, "Digiri ina? Yoyamba ija yatha mphamvu?"

Anaseka. "Ayi, atsibweni. Yoyamba ija inandiphunzitsa kulemba zimene zachitika. Iyi ndi yophunzira kusankha zoti zichitike."

Ndinamufunsa kuti amalowa bwanji, ndipo ndinamvetsera ngati mwana akumva za kumwamba. Anati ukhale ndi digiri yoyamba yokhoza bwino. Ukhale utagwirapo ntchito zaka zingapo, chifukwa safuna munthu amene sanakanganepo ndi bwana kapena kasitomala. Abwana ako ndi mphunzitsi wako wakale akuchitire umboni. Kenako akuitane akakuone pamaso n'kukufunsa chimene ukufunira sukuluyo. Ukalowa, poti ambiri ndi apantchito, umaphunzira Loweruka ndi Lamlungu: za chuma, za misika, za kutsogolera anthu, za kuona patali bizinesi isanagwe. Pomaliza usankhe bungwe lenileni, ukafufuze vuto lake, ulembe buku, ndipo ukaliteteze pamaso pa aphunzitsi akuluakulu.

Zinthu zimene ine ndinkazichita mopapasa ngati munthu wofuna machesi mumdima, kunali nyumba kumene anthu ankaziphunzira ndi mayina ake. Ndinafunsa motsitsa mawu, ngati nthabwala, "Nanga wa dipuloma ya pa positi, wa zaka zambiri pa sikelo?"

Felista anayang'ana pansi. "Amafuna digiri kaye, atsibweni."

"Ndimangofunsira mnzanga wina," ndinatero. Tonse tinaseka, ndipo tonse tinadziwa.

2017, kafukufuku

Atafika pa buku lija anasankha bungwe lathu. Ndinavomera ndi manja awiri, ndinkaganiza kuti akalemba za mavenda akuba ndi masikelo awo opotoka. Koma mawu akuti kafukufuku kwathu kuno ali ndi fungo lake. Atangomva kuti mwana wa Naphiri wabwera ndi kafukufuku wa ku ofesi ya mpunga, pamsika anati a Phiri adya ndalama. Wogulitsa nyama ya mbuzi pa siteji anayamba kundipatsa moni wachisoni. Felista sanalabadire. Ankavula nsapato n'kulowa m'matope, kukhala pa mzere wa m'munda ndi amayi akupalira, kufunsa, kumvetsera. Mu ofesi mwanga analowa kamodzi kokha, anayang'ana kawindo kaja nthawi yaitali, n'kugwada kusuzumira panja monga mmene dzanja linkalowera.

Atatha anadzakhala pakhonde panga madzulo ena, manja ali pa maondo.

"Atsibweni, ndapeza chimene alimi akuthawira. Si mtengo."

"Ndi chiyani?"

"Ndi kawindo."

Anandifotokozera mwaulemu, koma ulemu suchotsa minga. Anati venda amafika pamunda, amapereka moni, amafunsa za odwala, amamutchula mlimi dzina. Kwa ife mlimi, amene ndi mwini bungwe, amawerama ngati wopempha n'kulankhula ndi khoma. Kenako ananena chimene anabwerera. Lamulo la sukulu yawo linali lakuti mkulu wa bungwe asayine kuvomereza kuti zimene zapezekazo zilembedwe ndi kukambidwa. Ndikakana, ayenera kukayambiranso kwina, ndipo nthawi imene amaloledwa kukhala pa sukuluyo inali itatsala pang'ono kutha. Digiri ikanamuphonya.

Ndinati, "Ndiye ukufuna ukandivule pamaso pa anthu a ku Lilongwe?"

"Dzina lanu silitchulidwa. M'bukumo ndinu Manijala A."

"Ku Golomoti kuno mamanijala a mpunga tilipo angati? Manijala B ndi ndani, mbuzi?"

Anatsanzika mwaulemu n'kupita kwa mayi ake. Pepala loti ndisayinelo linatsala pa tebulo, ndipo linakhala pamenepo masiku ambiri. Ndinkalipewa ngati njoka yogona. Ndinkadziuza kuti mwanayu sanaone chitseko chikuthyoka, sanamve fupa la munthu likulira. Ndinkaganiza za komiti ya bungwe, kuti akamva adzati mkuluyu wakalamba, apume. Lamlungu lina tikutuluka m'tchalitchi ku Mua ndinaona a Agata kutsogolo kwanga, akuyenda mopendekera chifukwa cha msana wa m'munda, buku la nyimbo lili m'manja. Mawu anangondifikira okha: m'nyumba ya achemwaliwa ndinatseka kale sukulu imodzi. Nditafika kunyumba ndinasayina. Musandiyamikire. Ndinasayina ndi mkwiyo, cholembera chinaboola pepala.

2018, mlandu

Patapita miyezi a Agata anafika kwathu m'mamawa, chitenje chomangira m'chiuno ngati opita ku maliro.

"Achimwene, mwana ali ndi mlandu ku Lilongwe, inu mwangokhala mukumwa tiyi?"

"Mlandu wanji, achemwali?"

"Waimba foni. Akuti Lachisanu akadziteteza pamaso pa akuluakulu, akamufunsa mafunso, kenako akagamula. Ndinanena ine kuti kafukufukuyu atibweretsera zina."

"Si mlandu umenewo. Ndi mayeso."

"Mayeso ake ati oimirira? Ine mayeso ndinalembapo, achimwene, kapena mwaiwala. Amalemba atakhala pansi. Woimirira pamaso pa akuluakulu ndi wamlandu. Ndipo mwana sapita ku bwalo yekha ngati alibe abale. Mwini mbumba ndinu."

Mawu akuti kapena mwaiwala anandimaliza. Lachisanu ndinavala jekete, ndinakwera minibasi, tinakwera phiri la Khwekhwerere injini ikulira ngati ikupempha chikhululukiro, mpaka Lilongwe. Felista atandiona pakhonde la sukulu anagwira pakamwa. Nditamuuza chimene chandibweretsa anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha, n'kundiyang'ana mwa mtundu wina. Anati, "Atsibweni, mwina ndi bwino mudikire panja." Koma mayi wina wa magalasi, pulofesa amene ankatsogolera gulu la aphunzitsi omufunsa mafunso, anali atamva. Anati, "Atsibweni abwera ku mlandu? Chiyambire ntchito ino sindinaonepo. Aloweni, akhale kumbuyo, koma asayankhire mwana."

Chipindacho chinali chozizira ngati m'mphepete mwa mtsinje mu Juni. Aphunzitsi atatu anakhala ku tebulo lalitali, aliyense ndi buku la Felista lodzaza ndi zolemba zofiira. Iye anaimirira yekha. Pakhoma panaoneka chithunzi cha dambo lathu, mpunga uli wobiriwira, ndipo mwana wa achemwali anga anayamba kulankhula Chingerezi chosapunthwa, chodekha, akuyenda pang'onopang'ono ngati mwini nyumba. Ana anga, ndalowapo m'matchalitchi akuluakulu, koma mantha okoma ngati amenewo sindinawamvepo. Zinthu za kwathu, matope, mavenda, matumba osokedwa, zinkatchulidwa m'chipinda chimenecho ngati zinthu zoyenera kuziganizira mozama. Akatembenuza mutu kumvetsera funso, khosi limene lija, kakwinyidwe ka pachipumi kamene kaja, ndinkaona a Agata ali mtsikana, ataimirira pamalo pamene anayenera kuima.

Mafunso anali oluma. Anamufunsa chifukwa chake anasankha alimi amenewo osati ena, ndi mmene akudziwira kuti sankangomuuza zomukondweretsa. Anayankha limodzi limodzi, pena n'kuvomera kuti apa ndiye sindinafike. Ndinadabwa kuona kuti kuvomera kulephera kunkawagwedezetsa mitu mokhutira. Kenako bambo wina wa dazi anatsamira kumbuyo n'kunena kuti, "Ine ndikuona kuti mwazungulira. Vuto ndi Manijala A. Ndi munthu wonyoza alimi. Bwanji simunangolemba kuti achotsedwe?"

Ndinamva thukuta likutsika m'kati, monga ankanenera a Kamwendo. Felista sanayang'ane kumbuyo. Anati manijalayu anaona anthu akupondana pa chaka cha njala, ndipo anamanga kawindo kuti munthu asadzavulalenso pa khomo lake. Anati njira imene inapangidwira tsiku loopsa inakhala njira ya masiku onse, ndipo palibe anaifunsanso. Mukachotsa munthuyo n'kusiya kawindo, wotsatira adzakhala kuseri kwa kawindo komweko. Wa daziyo analemba kanthu.

Pulofesa uja anati, "Tipatseni mawu a mlimi mmodzi amene akunyamula mfundo yanu yonse."

Apa Felista anazengereza. Ndinaona dzanja lake likugwira m'mphepete mwa tebulo. Anatsegula buku, nati awerenga m'Chichewa monga mmene mayiyo ananenera, dzina lake silinalembedwe.

"Ine ndinapitako kamodzi, chaka chimene anatsegula. Ndinachapa m'manja, ndinkafuna ndikalembe dzina langa, poti ndimalemba bwino, G wanga amakhala ndi mchira ngati wa asisitere. Ndinalowetsa dzanja kuti andipatse cholembera. Anangoligwira chala, osadzutsa mutu, amvekere, chala, mayi. Ndinapukutira inkiyo pa chitenje n'kubwerera. Kuyambira pamenepo mpunga wanga amatenga ndi a panjinga."

G wa mchira. Ndili mnyamata ndinkamuona pa chikuto cha kope lililonse limene ndinalandira kwa a Agata. Nthawi zonse ndinkaganiza kuti achemwali sabweretsa mpunga chifukwa amakolola wochepa. Dzanja limene linandigwira kundiphunzitsa pensulo, ine ndinaligwira n'kuliviika mu inki, osalizindikira.

Zimene zinatsatira ndinazimva ngati ndili pansi pa madzi. Anatitulutsa kuti akambirane. Pakhonde Felista anayamba kuti, "Atsibweni, sindinkafuna kuti…" Ndinamugwira paphewa kuti asapitirize. Atatiitananso onse atatu anaimirira. Pulofesa anati wakhoza, akonze tizinthu tochepa, ndipo anamugwira chanza monga munthu agwirira mnzake wa msinkhu umodzi. Potuluka anandifunsa, "Nanga atsibweni, mlandu tauweruza bwino?" Ndinati, "Mwaweruza bwino, mayi. Kuposa mmene mukudziwira."

Ndinafika ku Golomoti kutada, sindinapite kwa aliyense. Kutacha ndinalunjika kwa a Agata. Ndinawapeza akunola chikwakwa pa mwala.

"Mlandu watha bwanji?"

"Mwana wawina, achemwali. Akuluakulu onse anaimirira."

Anasiya chikwakwa, anakweza manja kumwamba, milomo ikuyenda. Atatha anandiyang'ana. "Nanga wolakwa wapezeka ndani?"

Ndinati, "Ndibwerekeni nyundo ija ya malemu alamu."

"Ya chiyani m'mawa uno?"

"Mu ofesi mukutentha. Ndikufuna ndigumule kawindo kaja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kwayamba liti kutentha ku Golomoti?"

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi nyundo, koma sanandipatse. Anainyamula okha, ine pambuyo, mpaka ku ofesi, anthu a pamsika akutiyang'ana. Titafika anandipatsira m'manja. Ndinavula jekete n'kumenya koyamba, njerwa inangotulutsa fumbi.

"Iwe Lukasi," anatero. Chikhalireni ine manijala, anali asananditchulepo dzina limenelo. "Ukumenya ngati munthu wa mu ofesi. Yambira pansi, pamwamba pagwa pokha. Ndipo ukamaliza ukagule cholembera chabwino. Ine sindilembera zotuluka inki mokakamiza."

Ndinayambira pansi.